MINOFU YA AGOGO NDI MAKINA OYEZERA: BWANJI MANAMBALA ASIYANA?

Nkhani ya azaumoyo itatha sewero la pa wailesi



M'sewero lathu mwamva za agogo a zaka 72 amene anapita ku Johannesburg kukacheza kwa mwana wawo wamkazi. Mwanayo ataona kuti amayi ake akuvutika kudzuka pampando, anawatengera ku chipatala. Kumeneko anawagoneka pa makina, ndipo pepala linatuluka lonena kuti minofu ya m'manja ndi m'miyendo mwawo ikulemera makilogalamu 15.4. Patapita miyezi 4 anawatengeranso ku chipatala china chimene chinali pafupi ndi kwawo. Makina a kumeneko anati 14.6.

Mwamva mmene banja lija linasokonezekera. Mwana wamkazi uja anaimba foni kumudzi akulira, amvekere amayi akutha. Mchimwene wake anapsa mtima, nati chipatala choyamba chija chinangodya ndalama. Mpongozi anayamba kukamba zoti pali munthu wawalodza. Agogo eni ake atamva zonsezi anataya mtima, anasiya kusesa pabwalo, nayamba kutandala pamphasa tsiku lonse.

Kodi minofu ya agogo aja inachepadi? Pepala lachiwiri lija pa lokha silikanatha kuyankha funso limeneli. Nambala yochokera ku makina ena siyenera kufanizidwa ndi nambala yochokera ku makina enanso ngati kuti zonse zatuluka pa sikelo imodzi. Lero tikambirana chifukwa chake, ndi zimene inu mungachite mukamaperekeza amayi anu, apongozi anu kapena agogo anu ku chipatala.

TIYAMBIRE PA SIKELO YA MWANA

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa inu. Mwezi uno mwana mwamuyezetsa ku sikelo ya kwanu ndipo alembera m'buku makilogalamu 9.2. Mwezi wamawa mwapita ku maliro kwina, mwamuyezetsa komweko, alemba 8.9. Namwino wodziwa ntchito safulumira kunena kuti mwana watsika. Amayamba wafunsa kuti, kodi mwezi watha munayezetsa kuti? Kodi mwanayu anali atavala chiyani? Kodi sikelo anaibweza pa ziro asanamukweze?

Ku msika nakonso n'chimodzimodzi. Thumba limodzi la mtedza limalemera mosiyana pa sikelo ziwiri za mavenda. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito yoyesa sikelo za malonda ngati zikunena zoona.

Makina ounikira m'thupi ndi okwera mtengo kwambiri kuposa sikelo ya mwana, koma nawonso ndi chida choyezera. Chida chilichonse choyezera chimaphonya pang'ono, ndipo zida ziwiri siziphonya mofanana.

MINOFU IMATANI MUNTHU AKAMAKULA?

Minofu ndi imene imatidzutsa pansi, imatiyendetsa, imatitula mtolo, ndiponso imatigwira tikapunthwa kuti tisagwe. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, pakati pa magawo 3 ndi 8 pa magawo 100 aliwonse pa zaka 10, ndipo akapitirira zaka 60 imachepa mofulumirapo. Kwa ife amayi pali chinanso. Tikasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, mafupa amayamba kufooka mofulumira. Tsono mayi wokalamba akakhala ndi minofu yofooka amagwa kawirikawiri, ndipo akagwa fupa silichedwa kuthyoka, makamaka la m'chiuno ndi la padzanja. Fupa la m'chiuno likathyoka, ambiri sayendanso monga kale.

Kale anthu ankangoti ndi ukalamba basi. Mu 1989 dokotala wina wa ku America, Irwin Rosenberg, anatcha vutoli dzina loti sarcopenia, lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuchepa kwa mnofu. Mu 2010 gulu la akatswiri a ku Ulaya linalemba njira yodziwira vutoli, ndipo mu 2019 linatulutsa njira yokonzedwanso. M'njira ya 2019 imeneyi anati mayi amene minofu yake ya m'manja ndi m'miyendo siikwana makilogalamu 15 ali ndi minofu yochepa.

Onani tsopano zimene zinachitikira agogo a m'sewero. Makina oyamba anawaika pamwamba pa 15, makina achiwiri anawaika pansi pa 15. Munthu yemweyo, ku chipatala china ndi wabwino, ku chipatala china ndi wodwala. Apa ndi pamene pali vuto lenileni.

MAKINA AMENE AMAUNIKA MINOFU

Makina otere alipo a mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse umaona thupi mwa njira yakeyake.

Oyamba ndi DXA. Amenewa ndi amene anayeza agogo aja. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1987 poyeza kulimba kwa mafupa. Munthu amagona chagada pa tebulo kwa mphindi zingapo, ndipo kuwala kwa X-ray kwa mphamvu ziwiri zosiyana kumadutsa m'thupi. Kompyuta imagawa thupi patatu: fupa, mafuta, ndi zotsala zonse zofewa. Zotsalazo ndi zimene pepala limawerengera ngati minofu. Koma m'zotsalazo muli madzi, magazi ndi khungu. Choncho DXA siiona mnofu weniweni. Imauyerekeza mwa masamu.

Achiwiri ndi CT. Amenewa amajambula thupi mopingasa, monga mmene mumadulira nkhaka. Wodwala woyamba anajambulidwa ndi makina otere mu 1971 ku London. Amene anawapanga, Godfrey Hounsfield, analandira mphotho ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, yemwe anabadwira ku Johannesburg. Pa chithunzi cha CT kadontho kalikonse kali ndi nambala yake. Madzi ndi 0, mpweya ndi 1000 kunsi kwa ziro, ndipo akatswiri ambiri amawerenga ngati mnofu madontho oyambira pa 29 kunsi kwa ziro mpaka 150 pamwamba pa ziro. Amakonda kuyeza pa fupa lachitatu la msana wam'munsi. CT ili ndi X-ray yambiri, motero sajambula munthu ndi cholinga chongoona minofu. Amayeza minofu pa chithunzi chimene chajambulidwa kale chifukwa cha matenda ena, monga khansa.

Achitatu ndi MRI. Amenewa alibe X-ray, amagwiritsa ntchito maginito amphamvu. Amaonetsa bwino kwambiri mnofu ndi mafuta amene alowerera m'kati mwake. Koma ndi odula, amatenga nthawi, ndipo amafuna kuti munthu agone osagwedezeka.

Achinayi mukuwadziwa bwino: sikani ija amakuunikirani muli oyembekezera. Makina omwewo atha kuyeza kukula kwa mnofu wa pantchafu. Ndi otsika mtengo, amanyamulika, ndipo alibe X-ray.

Palinso kasikelo kamene munthu amaimapo opanda nsapato, kamene kamadutsitsa magetsi ochepa kwambiri m'thupi n'kutulutsa nambala ya minofu. Kameneka sikajambula kanthu. Kamangoyerekeza potengera madzi a m'thupi, msinkhu ndi kulemera kwa munthu.

Mwaona kuti njira zimenezi sizikuyeza chinthu chimodzi. Kufaniza nambala ya DXA ndi nambala ya kasikelo ka magetsi kuli ngati kufaniza ufa woyezedwa ndi mbale ndi ufa woyezedwa ndi ndowa.

BWANJI MAKINA A MTUNDU UMODZI AMASIYANANSO?

Wina afunsa kuti, chabwino, koma agogo aja anayezedwa ndi DXA konsekonse. Nanga kusiyanako kunachokera kuti? Zifukwa zake ndi izi.

Choyamba, opanga makina ndi osiyana. Makina ambiri a DXA pa dziko lapansi amapangidwa ndi makampani awiri, Hologic ndi GE Lunar. Njira zawo zotulutsira mphamvu ziwiri za X-ray ndi zosiyana, ndipo masamu awo ogawira mafuta ndi minofu ndi osiyananso. Munthu mmodzi akagona pa makina onse awiri tsiku limodzi, mapepala awiriwo safanana. Sikuti kampani ina ikunama. Iliyonse ikuyeza ndi mlingo wake.

Chachiwiri, ngakhale m'kampani imodzi makina akale ndi atsopano amasiyana. Kungosintha pulogalamu ya m'kompyuta kutha kusuntha manambala.

Chachitatu ndi dzanja la woyeza. Chithunzi chikatuluka, pamafunika kulemba mizere yosonyeza pamene mkono wathera ndi pamene mwendo wayambira. Mzere wa m'chiuno ukasunthira m'mwamba pang'ono, mnofu wa m'matako umawerengedwa ngati wa mwendo, ndipo nambala imakwera.

Pa CT, mphamvu ya magetsi imene woyendetsa makina wasankha imasintha manambala a madontho aja. Mankhwala amene amabaya m'mtsempha kuti ziwalo zioneke bwino amachititsanso kuti mnofu uoneke wolimba kuposa mmene ukanaonekera popanda mankhwalawo. Pa MRI, maginito ake amasiyana mphamvu, ena ndi a 1.5 tesla ena ndi a 3 tesla, ndipo kajambulidwe kake kamasiyana chipatala ndi chipatala. Pa sikani ya pantchafu, woyeza akadinikiza kwambiri mnofu umaphwatalala n'kuoneka wochepa. Akapendeketsa kachipangizo kapena akayeza pafupi ndi bondo m'malo mwa pakati pa ntchafu, nambala imasinthanso.

NGAKHALE MAKINA AMODZI OMWEWO

Tamvani chinanso. Mutamuyeza munthu pa makina amodzi, n'kumudzutsa, n'kumugonekanso nthawi yomweyo, manambala awiriwo sakhala ofanana ndendende. Wagona mosiyana pang'ono, wapuma mosiyana, dzanja waliika mosiyana. Kusiyana kotere sikuchokera m'thupi ayi, kumachokera m'kayezedwe.

Chifukwa cha ichi, bungwe la akatswiri a makina a DXA, la International Society for Clinical Densitometry, limalangiza kuti woyeza aliyense adziwe mmene dzanja lake limaphonyera. Amayeza anthu 30 kawiri aliyense, kapena anthu 15 katatu aliyense, akumudzutsa munthuyo pakati. Akapeza kukula kwa kuphonyako amachulukitsa ndi 2.77. Yankho lake ndiwo malire. Kusintha kochepera malirewo sikuwerengedwa kuti ndi kusintha kwenikweni.

Tiyerekeze kuti chipatala china chimaphonya ndi gawo 1 pa magawo 100. Kwa mayi wa minofu yolemera makilogalamu 15, gawo 1 ndi magalamu 150. Tikachulukitsa ndi 2.77 tipeza magalamu oposa 400 pang'ono. Ndiye kuti mayi ameneyu akayezedwa 15.0 chaka chino ndi 14.8 chaka chamawa pa makina omwewo, dokotala sanganene kuti minofu yatsika. Tsono ngati pa makina amodzi pamafunika kudekha kotere, nanji pa makina awiri a zipatala ziwiri?

BWANJI VUTOLI LIMAKULA PA AMAYI OKALAMBA?

Pali zifukwa zingapo zimene zimachititsa kuti amayi okalamba akhale ovuta kuyeza kuposa anyamata.

Minofu yawo ndi yaing'ono kale. Kuphonya ndi theka la kilogalamu pa mnyamata wa minofu ya makilogalamu 28 ndi nkhani yaing'ono. Pa agogo a makilogalamu 15, theka lomwelo litha kuwaolotsa malire aja.

Munthu akamakalamba mafuta amalowerera m'kati mwa mnofu, monga mmene mumaonera timizere toyera pa nyama ya ng'ombe yonona. Ntchafu itha kuoneka yaikulu bwinobwino koma gawo lina lili mafuta. Makina osiyana amalekanitsa mafuta amenewa ndi mnofu mosiyana.

Amayi ambiri okalamba amatupa mapazi chifukwa cha matenda a mtima, a impso, kapena mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi. Madzi a m'chotupamo DXA imawawerenga ngati minofu. Apa pali ngozi ya mbali ina: pepala litha kuonetsa kuti minofu yachuluka, banja n'kusangalala, pamene agogo akudwala kwambiri. Ndipo akalandira mankhwala okodzetsa, chotupa n'kuphwa, pepala lidzaonetsa ngati minofu yatha pamene iwo akupeza bwino.

Ena msana unapindika, ena mawondo saongoka chifukwa cha nyamakazi, ena ali ndi chitsulo m'chiuno chimene anaikidwa atathyoka. Onsewa n'kovuta kuwagoneka mofanana ulendo uliwonse.

MADOKOTALA AMACHITAPO CHIYANI?

Musaganize kuti a chipatala sadziwa za vutoli. Pali njira zimene amatsata.

Amayesa makina awo kawirikawiri ndi chinthu chopangidwa mwapadera chimene sichisintha, chotchedwa phantom. Chili ngati mwala wa kilogalamu 1 umene amayesera sikelo ya m'golosale. Nambala ya chinthu chimenechi ikayamba kusuntha, amadziwa kuti vuto lili m'makina, osati mwa odwala.

Chipatala chikagula makina atsopano, chimayenera kuyeza gulu la anthu pa makina akale ndi atsopano omwe, m'masiku oyandikana, kuti chidziwe kusiyana kwake. Pokhapo ndi pamene chingafanize mapepala akale ndi atsopano.

Mu 2012 akatswiri ochokera m'maiko angapo anatulutsa masamu osinthira manambala a thupi lonse pakati pa makina a Hologic ndi a GE Lunar. Masamu otere amathandiza kwambiri pa kafukufuku wa anthu ambirimbiri. Pa munthu mmodzi kuphonya kumatsalabe. N'chifukwa chake langizo lalikulu silinasinthe: ulendo wachiwiri bwererani ku makina amene anakuyezani ulendo woyamba.

Chachikulu koposa n'chakuti akatswiri a ku Ulaya aja, m'njira yawo ya 2019, anaika mphamvu ya mnofu patsogolo pa kukula kwake. Dokotala amayamba waona ngati munthu ali ndi mphamvu. Chithunzi chimabwera pambuyo kudzatsimikiza.

MUKAMAPEREKEZA AGOGO KU MAKINA

Makina a DXA sapezeka m'zipatala zathu za kumudzi, ndipo CT ndi MRI zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Komabe mabanja ambiri ali ndi ana m'tauni kapena kunja amene amatengera makolo awo ku zipatala zotere. Tsiku limeneli likakufikirani, kumbukirani izi:

1. Sungani pepala la zotsatira pamodzi ndi buku la kuchipatala. Musalikulungire mankhwala, musalisiye pa chinyezi.

2. Onetsetsani kuti papepalapo pali tsiku, dzina la chipatala ndi mtundu wa makina. Ngati palibe, pemphani mwaulemu kuti alembepo.

3. Akakuuzani kuti mudzabwerenso, bwererani komweko, ngakhale kuli kutali pang'ono.

4. Ngati simungachitire mwina koma kupita kwina, auzeni adokotala kuti pepala loyamba linachokera ku makina ena. Pepala latsopanolo likhala poyambira patsopano.

5. Yesetsani kuti maulendo onse akhale ofanana. Ngati ulendo woyamba unali wam'mawa agogo asanadye, wachiwiri ukhalenso wotero. Ayambe ataya madzi. Avale chovala chopepuka chopanda zipi, ndipo achotse makiyi, ndalama zachitsulo zomangidwa pa chitenje ndi mapini.

6. Nenani ngati mapazi atupa, ngati agogo akhala akutsegula m'mimba kapena kusanza, kapena ngati ayamba mankhwala atsopano.

7. Nenani ngati ali ndi chitsulo kapena kachipangizo kalikonse m'thupi, makamaka asanalowe mu MRI.

8. Inu operekeza, ngati muli oyembekezera, auzeni a chipatala musanalowe m'chipinda cha X-ray kapena CT.

9. Funsani funso ili: "Adokotala, kodi kusiyana kumeneku ndi kwa thupi kapena kwa makina?" Musachite manyazi. Safunsa anadya phula.

KUYEZA KOSAFUNA MAKINA

Mwina mukuti, ife kwathu kulibe zonsezi, nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Ikukhudzani, chifukwa mayeso amene akatswiri amayambira safuna magetsi.

Kudzuka pampando. Agogo akhale pa mpando wolimba wotsamira khoma, apinde manja pachifuwa, adzuke ndi kukhala kasanu mofulumira mmene angathere. Inu muime pafupi kuti muwagwire akadzandira. Akatenga masekondi opitirira 15, kapena akalephera popanda kugwira ndi manja, ndi chizindikiro chakuti miyendo yafooka.

Kuyenda. Yezani mamita 4 pamalo osalala. Agogo ayende mmene amayendera masiku onse. Akatenga masekondi 5 kapena kuposerapo, ndiye kuti akuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene ziyenera kukhalira.

Kufinya. Zipatala zina zili ndi kachipangizo kofinya ndi dzanja. M'njira ya ku Ulaya ya 2019, mayi amene sakwanitsa makilogalamu 16 ali ndi mphamvu zochepa. Pakhomo mutha kuona ngati agogo ayamba kulephera kufinya chovala pochapa kapena kutsegula botolo.

Katumba wa mwendo. Ndi tepi ya telala yezani pamene katumba wanenepa kwambiri. Akatswiri a ku Ulaya amatchula masentimita 31 ngati malire, pamene a ku Asia mu 2019 anatchula masentimita 33 kwa amayi. Malire amenewa anapangidwa poyeza anthu a m'maiko amenewo, choncho nambala imodzi isakuopseni. Chofunika ndi kuona ngati ikutsika mwezi ndi mwezi.

Ndipo lamulo lija la makina likugwiranso ntchito pano. Mpando ukhale womwewo, chifukwa kudzuka pa mpando waufupi n'kovuta kuposa pa wautali. Tepi ikhale yomweyo, mwendo womwewo, woyeza yemweyo, nthawi ya tsiku yomweyo. Tepi musaikoke kwambiri, monga mmene alangizi a zaumoyo sakokera lamba woyezera pamkono pa mwana. Lembani tsiku ndi nambala m'kope. Mukaona kuti zikutsika, pitani nawo ku chipatala ndi kope lanulo.

NGOZI YENIYENI NDI KUGONA

M'sewero lija, chimene chinawapweteka kwambiri agogo si nambala ya 14.6 ayi, koma mphasa. Mu 2007 ku America anachita kafukufuku pa okalamba athanzi amene anagonekedwa pabedi masiku 10. Anapeza kuti anataya pafupifupi kilogalamu 1 ya minofu ya m'miyendo. Masiku 10 okha. Ndiye kuti mantha obwera ndi pepala atha kubweretsa matenda omwewo amene pepalalo likunena.

Ife amayi timakonda kunena kuti, "Amayi khalani pansi, ndichita ndine." Ndi ulemu, ndipo ndi chikondi. Koma tikawalanda ntchito zonse tikuwalandanso miyendo. Ntchito zolemetsa monga kusenza ndowa yodzaza kuchokera kutali tiwapumuze, koma kusesa, kupeta, kuthirira ndiwo ku dimba, kuyenda kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti, tiwasiyire.

Mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu masiku 2 kapena kuposerapo pa sabata, ndi zowathandiza kuti asamadzandire masiku 3 kapena kuposerapo pa sabata. Izi sizifuna ndalama. Kudzuka ndi kukhala pampando kangapo, kunyamula botolo la madzi ndi dzanja lililonse, kunyang'ama atagwira khoma, kuima ndi mwendo umodzi atagwira mzati, zonsezi zimalimbitsa. Ayambe pang'ono, aziwonjezera sabata ndi sabata. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, asiye ndipo mupite nawo ku chipatala. Minofu imalimba ngakhale munthu ali ndi zaka 80, bola aziigwiritsa ntchito.

Mnofu umafunanso chakudya chomanga thupi. Akatswiri amalangiza kuti wokalamba wathanzi azidya galamu 1 mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Kwa agogo olemera makilogalamu 50, amenewa ndi magalamu 50 mpaka 60. Nsima ndi masamba okha sizikwanira. Nyemba, nandolo, khobwe, soya, usipa, matemba, mazira, mkaka ndi ndiwo zotendera ndi nsinjiro zizipezeka m'mbale mwawo, ndipo zigawidwe m'mawa, masana ndi madzulo. Agogo opanda mano muwasinjire usipa n'kuthira m'phala monga mumachitira ndi mwana. Muwayang'anenso pakudya, chifukwa agogo ambiri amapatsa adzukulu ndiwo zawo iwo n'kudya nsima yosusa msuzi. Amene ali ndi matenda a impso afunse kaye a chipatala asanachulutse zakudya zimenezi.

Agogo akayamba kuonda mofulumira, kutsokomola kosatha, kutuluka thukuta usiku, kumva ludzu kwambiri kapena kukana chakudya, musati ndi ukalamba. Chifuwa chachikulu, shuga, khansa ndi HIV zimathanso minofu, ndipo okalamba nawo amadwala matenda amenewa. Apite akayezedwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Kodi inu mukanakhala mwana wamkazi wa agogo aja, mukanawafunsa chiyani adokotala a chipatala chachiwiri musanaimbe foni kumudzi?

2. Tchulani zifukwa 3 zimene zingachititse kuti makina awiri atulutse manambala osiyana pa munthu mmodzi.

3. Kodi kutupa kwa mapazi kungasokoneze bwanji zotsatira?

4. Pakhomo panu pali wokalamba? Ndi ntchito ziti zimene mwamulanda zimene angathe kuchita yekha?

5. Ndi zakudya ziti zomanga thupi zimene zimapezeka kwanu nyengo ino?

Amayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pepala la makina likakufikani m'manja, yambani mwaona kumene lachokera musanayambe kulira kapena kusangalala. Fanizani zochokera ku makina amodzi okha, sungani mapepala onse, ndipo pakati pa ulendo ndi ulendo yang'anani mmene agogo akudzukira, mmene akuyendera ndi mmene akudyera. Sabata ino yesani mayeso a mpando aja pakhomo panu, mulembe masekondi ake, ndipo mudzabwere nawo tsiku la sikelo kuti tidzaonere limodzi.